Mahazadi a Kalole ka a Venansio

Lolemba, 8 Julaye

Achimwene a Thom abwera ndi oda lero, mano onse pamtunda. A Venansio, bwana wawo wakale, akufuna kalole ka zitini koika patebulo mu ofesi. Ati kafanane ndi lole yawo yobiriwira, ndipo mahazadi aziyaka zenizeni, kuphethiraphethira. Bodi apanga achimwene, magetsi ndi ine, poti wokonza mafoni m'banja muno ndine.

Lole yobiriwira yomwe ija! Inafera pamsewu wa ku Thyolo m'mawa wa chiperoni, chifunga chili tolo, mahazadi osayaka, matirayango ochenjezera mulibe. Achimwene anatsika kukayala nthambi mumsewu monga achitira madalaivala onse. Minibasi sinawaone. Mwendo wakumanja unathera pomwepo. Ndiye lero mwini lole akufuna chidole chake. Anthu ena manyazi anasiya m'mimba mwa amayi awo.

Ndinakana. Achimwene: "Olivia, akuti kakatuluka bwino andilemba ntchito ya pageti. Usandigwetse ulesi, chemwali." Nyimbo ya pageti imeneyi ndaimva mpaka yandikwana. Ndavomera, nanga nditani.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ku Limbe pa kaunjika, kusaka nsapato za ana zija zimathwanima mwana akaponda. M'chidendene mwake mumakhala kabolodi kophethiritsa magetsi, ndiko ndimafuna. Ndapeza yapinki, ndati ndigula imodzi yokha. Mayi wogulitsa kuseka: "Imodzi? Mwanayo ali ndi mwendo umodzi?"

Sakudziwa, si mlandu wake. Koma misozi yatuluka mu minibasi mpaka ku Bangwe, kondakitala kumangondiyang'ana.

Timababu ndachotsa mu tochi yakufa. Ndi toyera, ndatipaka kyutekisi wa olenji. Batire ya kafoni ka mabatani ikwana pansi pa mpando wa dalaivala.

Lachinayi, 11 Julaye

Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndawotcherera mawaya ndi msomali wotenthetsa pa mbaula, chala chatuza.

Timababu tayaka, koma tikuphethira mothamanga ngati mu bala. Achimwene apukusa mutu. "Hazadi sathamanga choncho. Amapuma." Nkumagogoda ndodo yawo pansi, go, go, go, kuti ndimve liwiro lake. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti pa malole a bwana wawoyo anawaonapo liti akuyaka. Ndadziletsa.

Koma bodi apanga bwino, ndisaname. Chitini cha mafuta ophikira, matayala a mapatapata, ngakhale kubendeka kwa bampala akukukumbuka.

Lachisanu, 12 Julaye

Kapasita ya mu wailesi yakale yathandiza kuchepetsa liwiro, tsopano timababu tikupuma. Achimwene aomba m'manja. Ine ayi.

Lamulungu, 14 Julaye

Takangana pobwera kutchalitchi. Ndawakumbutsa za kuchipatala, a Venansio atabwera ndi Sobo ndi buledi, kukhala m'mphepete mwa bedi, mawu okoma ngati uchi: "Apolisi akafunsa mungonena kuti mahazadi ankayaka. Mukachira geti ndi lanu." Achimwene ananenadi zimenezo. Munthu kugulitsa mwendo wake ndi botolo la Sobo!

Andiyankha osakweza mawu: "Ukaipa dziwa nyimbo, chemwali. Wandodo ngati ine andilemba ndani winanso? Ndatopa kudya thukuta lako." Nkubwerera kukapenta kalole kawo.

Mawu amenewo andiwawa kuposa chala. Madzulo ndinagwira pulayala, kawaya kofiira kali apo, kungodula basi kuti kakachite manyazi mu ofesimo. Ndinakumbuka mmene asitira shati yawo yoyera, kuikoleka kuseri kwa chitseko. Pulayala ndabweza m'bokosi.

Lachitatu, 17 Julaye

Ku yadi ya a Venansio ku Maselema. Kalole ndanyamula ine mu katoni, achimwene mu shati yoyera, ndodo m'khwapa.

Pageti tapeza bambo wina wojintcha, ovolosi yatsopano, mizere ya mu shopu isanathe. Wakuwira mkati: "Amalume, kuli alendo!" Amalume. Achimwene anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

Mu ofesi munali mayi wina wa suti, wochokera ku kampani yofuna kuchita hayala malole. A Venansio sanatipatse ndi mpando womwe. Anatsegula katoni, kudina swichi, timagetsi tanga nkuyamba kuphethira bwinobwino.

"Mwaona, madamu? Ife safety first. Malole anga onse amayaka chonchi. Funsani dalaivala wanga wakale uyu. Si choncho, a Thom?"

Achimwene maso ali pa timagetsi. Ndinkamva kupuma kwawo.

"Sankayaka."

"Mwati chiyani, a Thom?"

"Ndati sankayaka, bwana. Ndinakuuzani kangati tisananyamuke?"

Mayi uja anaika kapu ya tiyi pansi, maso nkutsikira pomwe buluku la achimwene limapindidwira ndi pini. A Venansio anazimitsa kalole. Achimwene anakonza ndodo zawo nkutembenuka osatsanzika, ine pambuyo. Pageti bambo wa ovolosi uja anatitsegulira.