Kukhoti Mlandu Umawola

Lachinayi madzulo

Ndaga Kyala, zikomo Ambuye, Mulungu ndi wamkulu! Lero mtima wanga wakhala pansi, mpaka ndavina ndekha pakhonde.

Tumpale, mwana wa achimwene, wayimba foni ali kwa loya ku Mzuzu. Ndi za shopu yake ya anapiye ndi zakudya za nkhuku. Kampani ina ya nkhuku inamulola kugulitsa m'dzina lawo, anapenta shopu mitundu yawo, n'kupangana kuti pa Karonga Boma wogulitsa akhale yekhayo. Kenako omwewo anatsegulitsa munthu wina tsidya la msewu, makasitomala onse n'kuthamangira kumeneko.

Mwanayu ankafuna kukasuma kalekale, koma ife akuluakulu tinamugwira. Amalume ake ankati, "Tiyambe takolola mpunga, mlandu suwola." Inenso ndinkavomereza.

Lero akuti, "Azakhali, loya waseka. Akuti suwola kumudzi kwanuko, osati kukhoti. M'pangano lomwe ndinasayina muli nthawi yokadandaulira. Ikatha basi, ngakhale akulakwire chotani, sakumvera."

Ndikuti, "Ndiye tachedwa, mwanangu?"

Iye akuti, "Ayi, inangotsala pang'ono kutha. Mapepala alowa lero lomwe."

Kaya apambana kaya ayi, sindikudziwa, koma mlandu wake aumva. Amalume ake ndawauza, angoti, "Aa, malamulo a masiku ano," n'kupitiriza kupopa njinga yawo. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ku Mzuzu azipitapita tsopano, ndipo minibasi yakwera mtengo. Ndamuuza kuti asaphonye tsiku ngakhale limodzi. Mwezi ukatha ndimutumizira ya ulendo, ndikangogulitsa mpunga wangawu.