Atsibweni akupondetsa amuna anga konkire ndi mapazi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kufupi ndi msika wa Limbuli. Amuna anga, a Arsenio, amapalasa kabaza, ndipo chilichonse chimene timadya pakhomo pano chimachokera m'mapazi mwawo. Ndakulemberani za mapazi omwewo.

Tinamanga nyumba ya njerwa zowotcha pamalo a kwathu, poti kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Takhalamo pansi pali dothi, ine kumangozira. Chaka chino tinati tiikemo konkire, chifukwa chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri chimatulukira pansi, mphasa mpaka kuchita chuku. Titagula simenti, mchenga ndi miyala ya kwale, atsibweni anga a Pilato, alongo awo a mayi anga, anati n'zamanyazi kuitana mmisiri wachilendo iwo ali moyo. Nditafunsa za malipiro anakwiya, amvekere tidzangowapatsa ya sopo.

A Pilato ndi katswiri woumba njerwa, zimenezo sindikana. Theka la mudzi uno likugona m'njerwa zawo. Koma kwa iwo chilichonse chonyowa ndi matope. Loweruka lapitali atasonkhanitsa zonse pabwalo n'kuthira madzi, ndinawapatsa fosholo imene ndinabwereka. Anaiyang'ana, n'kuitsamiritsa pamtengo wa mapeyala. Akuti fosholo imasiya mibulu, chosakaniza bwino n'chidendene. Anapinda buluku, analowamo, anaponda pang'ono kungoonetsa, n'kutuluka kukatsuka mapazi m'ndowa. Kenako anakhala pampando n'kunena kuti, "Akamwini, tationetsani kuti kwanu munaleredwa."

Aphungu, jombo amuna anga ali nazo. Anawapatsa mnzawo wa ku esiteti ya tiyi, ndipo m'mawa umenewo anali atazivala. Ataona atsibweni alowa opanda nsapato, anazivula n'kuziimika bwinobwino pakhonde. Anaponda mpaka dzuwa kupendeka. Posalaza m'chipinda anagwada m'konkire momwemo, akusalaza ndi zikhatho, chifukwa a Pilato anati chikhatho chimamva pamene pakwera ndi pamene patsika. Eni akewo ankaloza ndi bango ali pakhomo.

Tsiku limenelo amuna anga sanamve kanthu, anadya bwino n'kumadzitamandira. Kutacha, mapazi onse anali psuu, pakati pa zala pali matuza, maondo atasupuka. Pano khungu la phazi lamanzere layera n'kuyamba kusendeka, ndipo pachidendene pali bala limene likuda. Pedulo sangaponde, njinga yangoima. Mayi anga awadzoza mafuta odzola n'kuwamanga nsanza. Mayiwo akuti alipo wanjiru amene anakwirira mankhwala pabwalo. A Pilato atabwera kudzazonda anawayang'ana mapaziwo kwa nthawi, n'kunena kuti ndi anthete chabe, azolowera.

Chandisowetsa mtendere n'chakuti tangomaliza chipinda chimodzi. Pabalaza padakali dothi, ndipo a Pilato akuti tipitirize Loweruka likubwerali. Ndawachonderera amuna anga kuti akane, kapena avale jombo. Anandiyankha kuti, "Amake Janeti, ine ndivale jombo atsibweni anu ali chapansi? Anthu aziti mkamwini wa ku Mozambique uja wayamba kudzimva. Pamudzi pano ine ndili ndi chiyani?" Makolo awo anabwera kuno nthawi ya nkhondo ndipo onse anatisiya. Kwina koti n'kupita alibe, ndiye amaopa pakamwa pa anthu kuposa mabala.

Ine ndili ndi mantha, Aphungu. Ndikuopa kuti adzawadula phazi. Kuwatsutsa atsibweni sindingathe, poti malo anatipatsa ndi iwo, ankhoswe anga ndi iwo omwewo. Nditani?

E.M., Limbuli

Amake Janeti,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere, chifukwa enawo akudandaula za zibwenzi ndipo akhoza kudikira.

Pabwalo panu palibe amene anakwirira mankhwala. Mankhwalawo munagula nokha kusitolo, ali m'thumba la simenti. Simenti ikanyowa imawotcha khungu, koma kuwotcha kwake n'kwachinyengo: munthu samva kanthu ikamadya, amadzazindikira kutacha itafika kale mkati. Palibe phazi limene limazolowera zimenezo. Atsibweni anu sanapse chifukwa anangoponda pang'ono n'kukatsuka. Pa anthu onse amene anali pabwalopo, ndi iwo okha amene anatsata malangizo a zaumoyo, ngakhale sakudziwa.

Yambani ndi mapazi, lero lomwe. Masulani nsanzazo. Tsukani ndi madzi oyera ochuluka, kumathira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo mafuta musadzozenso, amangotsekera zotsalira za simenti pabala. Mukatero pitani kuchipatala. Bala limene likuda silipola ndi kudikira. A Arsenio akwere kabaza wa mnzawo, lero akhale kasitomala. Kumeneko mukanene mosabisa kuti ndi simenti yonyowa, ndipo mutchule tsiku limene anaponda. Akakutumizani ku Boma, pitani, musabwerere kunyumba kukafunsa maganizo a mudzi.

Loweruka likubwerali kulibe ntchito. Matumba otsalawo asanjikeni pamatabwa pamalo ouma, osagunda khoma. Sathawa.

Tsopano atsibweni. Simukufuna kuwatsutsa, ndipo ine sindikuuzani kuti muwatsutse. Mwanena nokha kuti amuna anu sangavale jombo atsibweni ali chapansi. Chabwino, vekani atsibweniwo. Funsani mayi anu saizi ya phazi lawo, mugule jombo ndi magolovesi a labala pamsika wanu womwewo, ndipo mayi anuwo ndi amene apereke, anthu akuona, akunena kuti mmisiri wamkulu sangagwire ntchito pakhomo pa mwana wa mlongo wake ngati waganyu. Ine ndakula, koma mkulu wokana jombo zatsopano sindinamuonepo. Chenjerani chimodzi: muwapatse m'mawa wa tsiku la ntchito, simenti ili kale pabwalo. Mukawapatsa Lachinayi azisungira maliro ndi tchalitchi.

Nkhani ya sopo ija ndi imene inakumangani pakamwa. Munthu amene akuti akukuthandizani mwaulere simungamuuze kagwiridwe ka ntchito, mumangothokoza, ngakhale akuwotchereni mwamuna. Khalani pansi ndi a Pilato, mayi anu alipo, mutchule mtengo weniweni. Theka mupereke poyamba, theka linalo pansi pakauma popanda ming'alu. Adzakana kawiri, kachitatu adzalandira. Pamenepo muonjezere kuti pa msinkhu wawo akufunika wowathandiza, ndipo mwapeza kale mmisiri amene anaikapo konkire. Muzimutchula wothandiza basi. Bango loloza likhale ndi eni ake, ntchito agwire winayo.

Tsiku la ntchitoyo muime pabwalo inuyo, muziona izi. Konkire amasakaniza ndi fosholo, pamalo olimba kapena palata, n'kututa ndi wilibala kapena ndowa. Aliyense wolowamo avale jombo, buluku likhale kunja kwa jombozo kuti konkire isagwere mkati. Ikagwera, avule n'kutsuka nthawi yomweyo, chifukwa simenti yotsekeredwa m'jombo imawotcha kuposa ya pamtunda. M'manja magolovesi, malaya a manja aatali, ndipo potsanula thumba amange kansalu kumphuno. Ndowa ya madzi oyera ikhale pafupi, yosatsukiramo zida, kuchitira kuti mwina simenti ingamudonthere wina m'maso.

Posalaza, zikhatho zipume. Anthu awiri akoke thabwa lalitali lowongoka kuti pansi pafanane, kenako adutsemo ndi kathabwa kosalazira kokhala ndi chogwirira. Mpeni womangira ubwere pomaliza, madzi oyandama pamwamba ataphwa, apo ayi pansi padzayamba kusendeka. Wogwada agwadire pathabwa. Ayambire kukona yakutali kumabwerera kukhomo, chifukwa ndinalandirapo kalata ya bambo wina amene anadzitsekera pakona n'kutulukira pawindo. Mukamaliza, phimbani ndi masaka n'kumathira madzi sabata yathunthu. Janeti ndi nkhuku adikire panja.

Amuna anu musawakalipire. Zimene anachitazo ndi mantha a munthu wopanda kwawo, ndipo mantha amenewo ndi enieni. Anakufunsani kuti pamudzipo ali ndi chiyani, ndipo m'kalata yanu sindinaone yankho. Ayankheni. Munthu akauzidwa ndi mkazi wake kuti pano m'panu, mawu a atsibweni amachepa mphamvu.

Chenjezo langa ndi ili. Achipatala asananene kuti mabala apola, a Arsenio asayandikire simenti, ngakhale atavala jombo ziwiriziwiri. Ndipo ngati a Pilato akana zonse, akana jombo, akana mtengo, akana wothandiza, pabalaza pakhale dothi chaka china, inu muzizira monga kale. Anthu akawanena amuna anu ulesi, awanene. Adzanena mwezi umodzi, kenako mkamwini wina adzalakwa kwinakwake. Koma phazi likadulidwa, anthu omwewo adzabwera kudzazonda Lamlungu limodzi, adzapepesa bwinobwino, n'kubwerera kwawo akuyenda ndi awo onse awiri.

Aphungu