Nkhope ya Ababa pa Moto wa Ng'oma

Barrio Sur, Montevideo
17 Novembala 1986

Okondedwa achimwene Heber,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Karin ndi mwana wathu Tabaré muli bwino ku Malmö kozizirako. Musanapite patali ndi kalatayi, yambani mwatulutsa chithunzi chili m'envulopumu muchiyang'ane bwinobwino. Mwachiona? Eya, wajambula ndine, Zulma mlongo wanu yemwe uja munkati manja ake ntchito yake nkuswa makapu. Chithunzicho kutsukanso ndatsuka ndekha. Ndikunyada, achimwene, ndipo sindibisa.

Vuto la zithunzi za Ababa mukulidziwa. Chilichonse chimene anawajambulapo, kuyambira cha ukwati wawo, amangotuluka mano ndi maso, kwinako bii. Mutalemba kuti Tabaré akufunsa maonekedwe a agogo ake, ndinakhuthula bokosi lonse la malemu Amayi, koma sindinapeze ngakhale chimodzi choti mwana nkuzindikirapo munthu. Zinandiwawa kwambiri. Ndiye ndinalowa kagulu kophunzira kujambula kamene kamakumana Loweruka m'sitolo ya a Perla, mayi wachikulire wogulitsa makamera ku Ciudad Vieja. Anandibwereka kamera yakale, yolemera ngati simbi.

Ndisanazolowere nkomwe, Ababa analengeza kuti atuluka ndi ng'oma mumsewu Lamlungu limodzi lokha, basi atsazika. Akuti lamba wawatopetsa phewa, ndipo ng'oma yawo yaikulu ija aipereka kwa Nilo, mwana wa a Fausto oyandikana nafe. Ndinadziwa kuti ndikaphonya tsiku limenelo, lina kulibe.

Ndinathamangira kwa a Perla kukasankha filimu. Anaika timabokosi tiwiri patebulo, kena kolembedwa 100, kena 400.

"Iyi ya 100 ndiyo ya ophunzira ngati iwe," anatero. "Imafuna dzuwa, koma imatulutsa chilichonse, ngakhale tsitsi la m'mphuno. Bambo akowo uwakhazike pakhomo masana, avale jekete, ng'oma pambali, asagwedezeke. Sungalakwitse."

"Nanga inayi?"

"Ya 400 imaona ngakhale kuwala kukhale kochepa, koma chithunzi chake chimakhala cha mchengamchenga. Ndipo madzulo ukaphonya pang'ono, ulira."

"Ine ndikufuna pa moto, akamawamba ng'oma dzuwa likulowa."

A Perla anavula magalasi. "Mwana iwe, kukwawa sunathe, ukufuna kuvina? Munthu wakuda, madzulo, pa moto wa nyuzipepala? Udzandibweretsera makala, osati zithunzi."

Ndinawayankha kuti Ababa a jekete ine sindiwadziwa. Inu simunawaone chiyambire makutu awo kugontha, achimwene. Masiku ano anzawo akamayesa ng'oma ndi khutu, iwo amagwada, nkuika chikhatho pachikopa, nkutsinzina, ndipo amadziwa ndi dzanja lokha ngati yakungika. Achinyamata amawabweretsera ng'oma zawo kuti awakhudzire. Ababa amenewo ndi amene ndinafuna kuti Tabaré awadziwe.

A Perla anandikankhira kabokosi ka 400. "Tenga, wamakani iwe. Koma mvera. Poyesa kuwala usaloze moto, kamera ikunamiza. Yandikira, uyese patsaya pawo penipeni. Moto uyere mmene ungayerere, iwe samala nkhope."

Lamlungu masana ndinapeza Ababa atakhala kale pakhomo, jekete ili pathupi, ndevu zometa.

"Jambula msanga, kolala ikundikanyanga pakhosi."

Ndinawanamiza kuti filimu yanga imaopa dzuwa.

"Filimu yanji yoopa dzuwa ngati mleme? Akubera, mwanawe."

Anavula jeketeyo akung'ung'udza, ine ndikuseka chamumtima.

Dzuwa litapendeka, amuna anaunjika nyuzipepala pamphambano ya msewu wa Isla de Flores, nkuyatsa, nkugoneka ng'oma mozungulira, zikopa zikuyang'ana moto. Nilo atangondiona ndi kamera anakuwa kuti, "Taonani mtolankhani! Zulma, undijambule mbali yabwinoyi!"

"Mbali yabwino ulibe, tachokapo apo."

Anthu anafa nalo phwete, koma ine maso anali pamoto. Moto wa mapepala mukuudziwa, umalilima kamphindi nkuzima. Ndinagwada pamsewu ndi diresi langa la kutchalitchi, utsi uli m'maso, nkuyandikira mpaka Ababa anandiyang'ana cham'mbali.

"Ukufuna kundiwerenga mano?"

"Musandione, Ababa. Ine kulibe."

Wina anaponyapo mapepala ena, moto unadzuka, Ababa anaika dzanja pachikopa nkutsinzina. Ndinagwira mpweya, nkudina.

Zimene zinatsatira ndikanakonda mukanaziona nokha. Ababa anaimba ng'oma msewu wonse osapuma, ali pakati pa anyamata oti ndi zidzukulu zawo, amayi akuomba m'manja m'mawindo. Pothera anavula lamba nkumukoleka Nilo paphewa. Nilo wa pakamwa uja analira ngati khanda.

Lachitatu tinatsuka filimu m'kachipinda kamdima ka a Perla. Sindikunamizani, zambiri zinatulukadi makala, zina anthu ngati mizukwa. A Perla ankangoti, "Ndinanena ine." Kenako tinaviika pepala la chithunzi ichi mumankhwala, ndipo nkhope inayamba kutuluka pang'onopang'ono pansi pa nyale yofiira: chipumi, chipsera chija cha ngozi ya padoko, milomo ikufuna kumwetulira. Koyamba chibadwire chawo Ababa anatuluka munthu wathunthu. A Perla anachiyang'anitsitsa, kenako anati, "Utsuke ziwiri. China ndipachika pawindo." Ndipo chilidi pawindo la sitolo, dzina langa lili pansi pake. Anthu a kwathu kuno akumapita dala kukachiona, ndipo a Fausto akuuza aliyense kuti anandinyamulapo ndili wakhanda.

Ababa ndinawapatsa ali kukhitchini. Anachigwirira patali, nkuchiyandikizanso.

"Ndine ameneyu?"

"Ndinu, Ababa."

"Kani ndimafanana ndi bambo anga chonchi." Anapukuta m'maso nkunamizira utsi, chonsecho pamoto panalibe kanthu. Kenako anati, "Umutumizire Heber chomwechi. Mchengawu wandibisa bwino. Ndipo usakalembe zambiri."

Achimwene, ndawamvera theka. Chithunzi ndatumiza. Filimu ija ndinaisankha chifukwa cha moto, ndipo nditati ndisankhenso ndingatenge yomweyo, koma ya 100 ikanakuuzani zimene andiletsa kulemba. Ikanakuonetsani jekete ikulendewera ngati yobwereka, ndi masaya mmene alowera. Ng'oma sanaisiye chifukwa cha phewa. Adokotala anandiitanira pambali mwezi watha, ndipo kuyambira pamenepo ndimaphika zimene Ababa akufuna, osati zimene analamulidwa kudya.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwathokozenso chifukwa cha juzi ija, Ababa saivula ngakhale kwayamba kutentha. Tabaré mumupsompsone, mumuuze kuti dzanja lili pang'omalo ndi la agogo ake. A Fausto ndi Nilo akupereka moni. Ababa nawonso akupereka moni, akuti ndikuuzeni kuti ali bwino kwabasi, mudzabwere pa chikondwerero cha ng'oma mu Febuluwale monga munalonjezera.

Amenewo ndi mawu awo. Anga ndi akuti musadikire Febuluwale.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Zulma