Adadi apita ku Mizara

Eliza 11:06
Lyson dzuka. carer wa adadi wapeza chitseko chili pululu, adadi mnyumba mulibe

Eliza 11:07
📞 foni yosayankhidwa

Eliza 11:19
ndili pa ward ku edmonton, ma nurse tilipo awiri okha. sindingachoke. plz

Lyson 11:41
sorry sis ndinali mtulo, night ndaweruka 8. sanapite ku shop?

Eliza 11:42
jacket ndi freedom pass yawo yokwerera basi palibe. mankhwala a mmawa sanamwe. foni aisiya pa tebulo ndi kapepala aka

Eliza 11:42
📷 chithunzi

Lyson 11:44
"Ndapita ku Mizara. Musavutike." mizara ndi kuti?

Eliza 11:45
ndikanadziwa sindikanakudzutsa. week yonse akungotchula dzinali. dementia ikawagwira amatchula malo ambirimbiri, ndinasiya kufunsa

Lyson 11:46
simunandiuze kuti zafika pamenepa

Eliza 11:46
kwa adadi ku thamesmead unabwera liti komaliza

Lyson 12:09
ndakwera basi 177 kwathu kuno ku peckham. traffic

Lyson 12:21
ndasaka pa google. ndi kaphiri kotchulidwa m'malemba, kamodzi kokha. amati kali cha kufupi ndi phiri la Hermoni, komwe kumayambira Yordano. koma malo ake enieni palibe akudziwa, ngakhale ma professor amangoganizira

Eliza 12:30
police ndawaimbira. akufunsa malo amene angapite. ndiwauze kuti lebanon?

Lyson 12:31
ku Ntcheu kulibe phiri la dzina limeneli? mwina akufuna kwawo

Eliza 12:44
amalume akuti sanamvepo. ndikuika aunt Winfrida mu chat muno, aja ankapemphera ndi malemu amami

Eliza 12:45
aunt pepani, adadi asowa kuyambira mmawa. alemba kuti apita ku Mizara

Aunt Winfrida 13:02
bana banga naona manje, nenze pa nchito kwa client

Aunt Winfrida 13:04
🎤 1:52

Eliza 13:05
sindingamvetsere ndili ndi patient. Lyson, aunt akuti chani

Lyson 13:10
akuti ndi kachitunda kaja ka ku Gallions, pafupi ndi mtsinje. atangofika ku UK amami ankadandaula kuti thamesmead ndi flat, kulibe phiri lopempherapo ngati kumudzi. adadi anawapezera kameneko nkukatcha Mizara. akuti dzinalo limatanthauza kakang'ono

Aunt Winfrida 13:12
ba mai banu benze kukwela every saturday, ba tate banu kumbuyo na flask ya tea. endani muone. nipemphela

Eliza 13:13
zikomo aunt. zaka zonsezi ndikukhala nawo, ine osadziwa

Lyson 13:14
ma saturday munkakhala pa shift sis

Lyson 13:51
ndakwera mpaka pamwamba. kulibe munthu. mphepo yokhayokha

Eliza 13:52
mtsinje uli pafupi bwanji

Eliza 13:55
Lyson

Eliza 13:59
📞 foni yosayankhidwa

Lyson 14:04
ndawapeza. ali pa benchi mmunsi, mbali inayo. miyendo yakana kukwera. sanavulale, manja okha azizira kwambiri

Eliza 14:05
aveke jacket yako pamwamba pa yawoyo. ndikudziwitsa police. adya kanthu?

Lyson 14:09
ndawapatsa biscuit. sis sakundizindikira. akundiitana kuti achimwene. andifunsa ngati ndine wa council

Eliza 14:11
zimabwera zimapita. usawakakamize

Lyson 14:18
akukana kunyamuka. akuti mayi a kunyumba ali pamwamba akupemphera, sangawasiye atsike okha. ndiwauze kuti amami anamwalira?

Eliza 14:19
ayi

Eliza 14:21
ndinawauzapo kanayi. ulendo uliwonse analira ngati uthenga wafika tsiku lomwelo. kachinayi anandifunsa chifukwa chake ndinawabisira maliro

Lyson 14:22
ndiye nditani

Eliza 14:26
khala nawo basi. akatopa anyamuka okha, ukawauze kuti amami atsogola kukateleka tea. manager wandilola kuchoka 3, ndifika cha m'ma 5

Aunt Winfrida 14:30
Mulungu ni wabwino. nizabwela mailo

Lyson 14:47
andisunthira malo pa benchi. akuti ndizilankhula motsitsa, ndingawasokoneze mayi

Lyson 15:02
akundifotokozera za ana awo. akuti wamkazi ndi nurse. wamwamuna ali kutali ndi ntchito koma ndi mwana wabwino

Lyson 15:03
peckham yomweyi, basi imodzi yokha

Lyson 15:25
tanyamuka. akuyenda pang'onopang'ono, atembenuka kuyang'ana kumwamba katatu

Lyson 15:40
sis tsiku lililonse zimakhala chonchi?

Lyson 15:58
sis

Eliza 16:14
ndinagona mu train. lero bola, alankhula nawe. key ili pansi pa mphika wa maluwa. asambitse usanawagoneke, ine manja atha