Telala Pansi pa Thirakitala

Lolemba, 3 Malichi

Apongozi abwera nkhope ili yakugwa. Zaka makumi awiri akutchetcha kapinga pabwalo la mpira, lero wapampando wa timu akuti, "Madala, ntchitoyi yakukulirani." Mlandu wake? Kathirakitala kakumeta ngati wometa woledzera: kuno mpala, uko tsitsi. Mpira waukulu Loweruka. Bambo a ana ali kutali ndi ntchito mpaka mwezi uthe. Makaniko foni sakuyankha. Chakudya apongozi sanachikhudze.

Lachiwiri, 4 Malichi

Shopu ndatseka masana, madiresi awiri osasoka ali patebulo. Ine chagada pansi pa thirakitala, apongozi maso kumbali ndi manyazi. Ndatulutsa tepi yanga ya utelala. Chimbale chomwe muli mipeni: kumanzere masentimita asanu ndi atatu kuchokera pansi, kumanja asanu okha. Mpendero wokhota basi! Tayala lakumanja linali lofewa, ndapopa. Kenako nati yokwezera chimbale. Kumanga, kuyeza, kumanganso. Mbali zonse ndendende. Zikhadabo bii, mtima mbee.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinadzitama msanga. Mipeni ikuzungulira bwino, koma ikangolowa mu udzu wautali, zii. Fungo la lamba wopserera. Apongozi: "Ndi kilatchi imeneyo, amayi. Si singano ayi." Zandiwawa.

Lachinayi, 6 Malichi

Mmawa ndikusoka thalauza lolimba, makina anga nawo n'kuyamba kuterera. Lamba wakhwepa. Ndinangosiya thalauzalo pansi pa singano, ulendo kubwalo.

Ndiye zomwezo! Ukakoka chogwirira cha kilatchi, pali kagudumu koyenera kukankha lamba kuti akungike. Kamkono kake kadagwidwa ndi dzimbiri ndi udzu wouma, kakungoyenda theka. Sipuling'i nayo yotamuka ngati lasitiki wa siketi yakale. Ndapala, ndapaka girisi. Sipuling'i yatsopano kusitolo ya zitsulo. Wogulitsa: "Abambo akutumani yotani?" Ndati abambo ake ndine.

Chala chapakati ndachitema. Zilibe kanthu. Mipeni yalowa mu udzu wofika m'mawondo osatsokomola n'komwe. Ndinakuwa ngati ndagoletsa!

Lachisanu, 7 Malichi

Apongozi atchetcha bwalo lonse. Anandipempha ndiziima kumapeto kwa mzere uliwonse n'kumawaitana. Ndinayesa nthabwala, mawu mpaka kusasa. Wapampando wabwera, wanjuta, wasisita kapinga ngati nsalu yodula. "Makaniko wake ndi uti ameneyu?" Apongozi chifuwa patsogolo: "Telala wa kunyumba kwathu." Ndinayang'ana pansi, koma kumwetulira kunakana kubisika.

Lolemba, 10 Malichi

Timu inagonja, koma bwalo aliyense akulitama. Ntchito ya apongozi yatsala m'manja mwawo, wapampando wanena yekha.

Masana apongozi anandiitanitsa kubwalo. Ndinatenga sipanala, kuganiza kuti chafanso china. Ayi. Anandilozera mpando wa thirakitala.

"Golo lakutsidyalo ndinasiya kuliona chaka chatha, amayi. Lachisanu lija ndinkangotsata mawu anu. Mwana wanga ndimuuza ndekha. Khalani apa. Phazi apo."

Ndinakwera, n'kugwira chiwongolero. Mzere woyamba wokhota ngati njoka. Iwo akuyenda pambali, dzanja paphewa langa, khutu ku injini. "Pang'onopang'ono. Ikumveka bwino. Mwawongoka?"

Ndati eya, bambo. Wachitatu ndi umene unawongokadi.