Besi Yandidyera Batire

Lachisanu, Juni. Kunja kwazizira koopsa, koma mtima wanga ukuvina.

Alamu anga a Lukiyo, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni, andipatsa timabokosi tiwiri ta wailesi ya m'galimoto. Akuti ndi kolosova, ntchito yake kugawa mawu: besi ku sipika yaikulu, mawu ang'onoang'ono ku yaing'ono. Kena umangolumikiza mawaya, sikadya moto. Kachiwiri kali ndi mabatani, kamafuna moto wa batire ndi ampulifaya ziwiri zokuzira mawu, zomwenso abwera nazo.

Tayesa kamabatanika m'galimoto yanga ya matola. Mayo ine! Besi imagunda pachifuwa ngati ng'oma ya gule. Koma kaseti itatha, galimoto yakana kulira. Batire yatheratu.

Akazi anga angoti, "Mawa muli ndi kabichi wa anthu wopita ku Linthipe. Akafota, eniake mukawavinira?"

Alamu akuti ndiike kosadya motoko. Akunena zoona, koma makutu anga alawa kale. Galimoto tayikankha mpaka pamwamba pa chitunda, yayang'ana kumunsi, mwala kutayala. Ikangolira potsika mawa, kamabatanika sikachokamo.