Mawindo Anga Asanu, Singano Yanu kwa Tadala

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Kaluluma mvula yatha bwino, fodya wadzaza chigafa. Akazi a Yohane abereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mbuzi yanu yamawanga ija idalowanso m'chinangwa cha a Nyirenda, tidakapepesa.

Koma chandilembetsa n'china. Ku ofesi ya kalabu ya alimi kuja, nyengo ino tikutumiza mayina ndi zithunzi za minda ku likulu. Ine ndimatsegula mawindo asanu akuda pakompyuta, lililonse ntchito yake, maso n'kumathamanga uku ndi uku ngati nkhuku yosowa anapiye. Netiweki ikadula sindidziwanso kuti laima ndi liti.

Mwezi watha abwana adamulemba ganyu Tadala, mng'ono wanga yemweyu amene ndidamuphunzitsa ndekha kugwira mausi ya kompyuta. Iye windo limodzi basi! Ntchito zonse amazimanga pamodzi, n'kuzilamula kuti ziziyenda zokha, zikatha zimudziwitse. Akatero amatuluka kukagula zitumbuwa. Pofika masana iye watha, ine ndikadali pa windo lachitatu. Abwana akuti msika wa fodya ukatsekedwa atsala ndi munthu mmodzi, ndipo polankhulapo ankayang'ana iye.

Amayi, sindikubisirani, nsanje yandigwira. Ndikamumva akuseka panja, mtima umachita kuwawa.

Lamulungu Tadala adawafotokozera abambo njira yakeyo. Iwo adati umo ndi momwe inu munkasokera fodya: masamba ambiri pasingano imodzi, kupachika pamkangala, manja n'kupita ku ntchito ina. Adalowa m'nyumba, n'kutulutsa singano yanu ija yokulunga m'kansanza, n'kumupatsa iye. Ine amene ndinkakhala pambali panu m'chigafa zaka zonsezo, kukupatsirani masamba mpaka zala kuda, adandituma kukatsekera mbuzi.

Munkakonda kundiuza kuti, "Esinati mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa." Nanga ine wa mapanga asanu?

Mawa ndikameza malovu, ndikakhala pambali pa mwanayu kuti andiphunzitse. Ndikulonjeza kuti sindikamukalipira, ngakhale ntchito itatsala yake. Tikakolola chimanga tibwera tonse kudzalambula pamanda panu.

Koma funso limodzi, amayi. Mukadakhala inuyo, singano ija mukadapatsa ndani? Ayi, musandiyankhe, ngakhale m'maloto.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani,
Esinati